Nkhokwe yanga inaukitsa akufa

Kunyumba kwathu mkangano waukulu sunali wa ndiwo kapena wa rimoti, unali wa malo m'foni. Mayi a kunyumba amajambula chilichonse. Mwana akameta, chithunzi. Mwana akalira chifukwa chometa, vidiyo. Ndiye sabata iliyonse foni imadandaula kuti yadzaza, iwo n'kundiponyera pamiyendo ngati ndine ndinaidzazitsa. Ma 15 GB aulere a Google anatha kalekale, ndipo ngakhale akanakhalapo, kukweza mavidiyo kumeneko kumadya bandulo ngati mbuzi yalowa m'dimba.

Pa Khirisimasi alamu anga amene amakhala ku Leeds anandisiyira kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi 4, kakang'ono ngati sopo wosambira. Anati anthu amakasandutsa NAS, kapena tingoti nkhokwe ya mafailo. Umakalumikiza ku rauta ndi waya, n'kumangirirako hard disk, basi aliyense wa pa WiFi ya pakhomo amasunga ndi kutapa zinthu mmenemo osawononga bandulo, poti zinthuzo sizituluka pageti. Anati tsiku loyamba ntchitoyo ndiwaimbire tichitire limodzi.

"Alamu, musavutike," ndinatero. "Timazidziwa izi."

Ine ntchito yanga ndi ya maakaunti. Chimene ndimachidziwa pa kompyuta ndi Excel. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinagula disiki yatsopano ya 2 TB. Yakale, ya 1 TB, tinali nayo kuyambira tili pa chibwenzi, ndipo mmenemo munali moyo wathu wonse: chinkhoswe, ukwati wa mu 2014, sikelo ya mwana, ndi zithunzi zomaliza za malemu apongozi aamuna. Pulani inali yosavuta. Kufomata yatsopano, kukoperamo za m'yakale, yakaleyo n'kuisunga m'sutikesi.

Loweruka m'mawa zinayenda bwino moti ndinayamba kuimba mluzu. Ndinaika Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kakompyutako, pa memory card, ndinaikanso Samba, osati gule ayi, koma pulogalamu imene imachititsa kuti laputopu ndi foni zione foda ya pa kakompyutako ngati yawo. Nditalumikiza madisiki onse awiri ndinaona kuti Linux saitana disiki ndi dzina la pa katoni. Yoyamba kuiona amaitcha sda, yachiwiri sdb. Ndinatenga cholembera ngati munthu wadongosolo n'kulemba kuseri kwa lisiti: yatsopano sda, yakale sdb.

Kenako madisiki anayamba kulira kuti tiki, tiki, n'kumasowa. Kakompyutako kalibe mphamvu yokwanira kuzunguza madisiki awiri pa USB pake, pamafunika hub, kabokosi kochulukitsa mabowo a USB, yokhala ndi pulagi yakeyake. Ndinakwera minibasi, ndinakaigula m'tauni, ndinabwerako thukuta lili kamukamu, ndinazula zonse n'kulumikizanso. Chimene sanandiuze munthu, poti sindinafunse munthu, n'chakuti mayina aja si a ubatizo. Amapita kwa amene wadzuka msanga. Ukayatsanso makina, sda wa m'mawa atha kukhala sdb wa madzulo.

Ndinayang'ana lisiti yanga, ndinalemba lamulo lofomata sda, ndinadina Enter. Apa ndiyenera kunena chilungamo: makinawo anandichenjeza. Analemba kuti disikiyi ili kale ndi zinthu, anatchulanso dzina lake, kenako anafunsa ngati ndipitirizebe, y kapena N. N-yo anamulemba wamkulu, kusonyeza kuti iwo eni ake akanakonda ndikane. Dzina limene anatchulalo linali BANJA, ndipo ndinalilemba ndine ndi manja angawa zaka khumi zapitazo. Koma ndani amawerenga chiganizo mpaka kumapeto nsima ili patebulo?

Ndinadina y. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe.

Nditadya ndinabwerera kuti ndiyambe kukopera. Ndinatsegula disiki yakale. Munalibe chinkhoswe, munalibe ukwati, munalibe mwana. Munali foda imodzi yokha, yopanda kanthu, dzina lake lost+found. Ngati kundinyoza.

Nsima ija inasanduka mwala m'mimba. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti mawu asamveke, n'kuimbira alamu pa WhatsApp. Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anati, "Osalembamo chilichonse m'disikiyo, ngakhale kafailo kamodzi. Kufomata kwachangu kuli ngati kung'amba kaundula wa kalasi. Ana akadali pa mabenchi, kungoti palibe akudziwa mayina awo." Anandiuza za PhotoRec, pulogalamu yaulere imene siyang'ana kaundula n'komwe. Imayenda m'disiki kuyambira pakhomo mpaka kuseri, ikapeza chinthu chooneka ngati chithunzi kapena vidiyo imachitola n'kukachiika pa disiki ina.

"Koma mlongo wangayo mwamuuza?"

"Alamu, inu mukufuna mubwere ku maliro?"

Inayenda usiku wonse. Magetsi anathima cha m'ma 2 koloko, ine n'kukhala mumdima kumapemphera ngati munthu wa pa mlandu. Atayaka, pulogalamuyo inafunsa ngati ipitirize pamene inalekera, ndipo ulendo uno ndinawerenga chiganizo chonse katatu ndisanayankhe. Mayi a kunyumba atafunsa chimene ndikudikirira ndinati ikuchita update.

Lolemba madzulo inamaliza. Zinthu zinabwerera, zithunzi zoposa 40,000, koma zinabwerera ngati katundu wa pa kaunjika. Mafoda aja tinawatcha bwinobwino kuti Chinkhoswe, Ukwati, Mwana, kunalibe. Kunali recup_dir.1, recup_dir.2, mpaka kutsika mmunsi, ndipo chithunzi chilichonse dzina lake linali f kutsogolo, manambala pambuyo. Ndinatsegula khumi. Ukwati unalipo. Malemu analipo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Chimodzi cha pa guwa chinawonongeka theka, mkwatibwi ali bwinobwino, ine kuyambira m'khosi kupita m'mwamba utoto wa phulusa. Ndinati palibe kanthu, mutu wanga ndimauona tsiku lililonse.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kukapereka chopereka cha chithokozo. Ine mtima utangotsika, matama anadzuka. Ndinalumikiza foni ya mayi ku nkhokweyo, ndinaikanso pulogalamu ya MiniDLNA kuti TV ya pabalaza izitha kuonetsa zithunzizo, ndipo ndinalengeza kuti ntchito yosamutsa yatha, mayina ndisanja ndikapeza mpata.

Lamulungu lotsatira kunabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu, atanyamula mbatata ya kachewere ndi nkhuku yamoyo. Titadya ndinati, "Amayi, takhalani apa muone zimene tapanga." Ndinayatsa TV, ndinasankha zithunzi zonse kuti zizidutsa zokha, n'kukhala pampando mwendo pamwamba pa unzake.

Poyamba zinali mbambande. Chinkhoswe chinadutsa, ankhoswe atanyamula tambala. Atafika malemu, apongozi anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge, anati chithunzi chimenechi ankayesa chinatayika ndi foni yawo yakale. "Mkamwini wangayu ndi injiniya," anatero. Ine ndinangoti, "Ayi amayi, n'zazing'ono izi."

Kenako panabwera lisiti ya madzi. Kenako mbuzi ya munthu wina. Kenako nyanja.

Senga Bay, 2011. Ine ndili ndi tsitsi lonse, ndilibe malaya, ndilibe mimba, dzanja langa lili paphewa pa mtsikana wovala chipewa changa. Mtsikanayo sanali mayi a kunyumba.

Tsono mundimvetse. Zithunzi zimenezo ndinazifufuta mu 2013, mayiwo ali chiimire kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, ndipo anandiuza okha kuti ndikhuthulenso Recycle Bin. Ndinakhuthula. Koma kufufuta nakonso ndi kung'amba kaundula chabe. Chithunzi chimagona pomwepo mpaka china chidzagone pamwamba pake, ndipo disiki yathuyo sinadzazepo ngakhale theka. PhotoRec sasiyanitsa chimene chinafufutika mwangozi ndi chimene chinafufutidwa polumbira. Amaukitsa onse, olungama ndi osalungama omwe.

Apongozi anatulutsa magalasi m'kachikwama, anawapukuta ndi chitenje, anawavala.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo, "unayamba wayera chonchi?"

"Si ine, amayi."

Ndinalumphira rimoti. Rimoti yathu mabatire ake amagwiridwa ndi labala, ndipo labalayo anasankha tsiku limenelo kuduka. Batire limodzi linagubuduka kulowa pansi pa sofa. Ndili chogwada kulisaka, TV inapitiriza ntchito yake mokhulupirika, masekondi asanu chithunzi china. Tili m'bwato. Tikudya chambo mbale imodzi. Iye akundidyetsa. Mwana wanga anafunsa mokweza, ngati ali pa sewero la kusukulu, "Adadi, anti awa ndi ndani?"

Ndinapempherera magetsi kuti athime. Magetsi amene amathima ndikamameta, amene amathima mpira uli pa mapenate, tsiku limenelo anayaka ngati tili ku State House.

Ndinazula pulagi kukhoma. Filiji inasiya kulira, TV ili ngwee. Ndinazula inayo, mdima unagwa pa sikirini, m'nyumba munangoti zii, nkhuku yokha ndiyo imalankhula kukhonde. Ndinayamba kufotokoza za kaundula ndi ana a pa benchi. Mayi a kunyumba sanandidule mawu. Anangotenga foni yawo, anatsegula nkhokwe ija, chala chikuyenda pang'onopang'ono.

"Paja munati aliyense wa pa WiFi atha kuona," anatero. "Zilipo khumi ndi chimodzi. Mu 2013 munandionetsa zisanu ndi ziwiri."

Za zinayi zotsalazo sindifotokoza pano. Chigamulo chinali chakuti zithunzi zonse 40,000 ndizisanje chimodzichimodzi, madzulo aliwonse, iwo ali pambali panga, ndipo nkhani ya mmene mayina anasowera inatulukira pomwepo. Tafika pa recup_dir.23. Madisiki onse awiri tsopano ali ndi mayina a pa selotepi, olembedwa ndi dzanja la mayi, ndipo makina ndinawauza kuti aziwazindikira ndi UUID, nambala imene sisintha ngakhale adzuke mochedwa.

Apongozi anakhala masiku atatu osaitchula nkhaniyo. Tsiku lobwerera ndinawaperekeza kudepoti, ndinawanyamulira chikwama, ndinawapezera mpando wa pawindo. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anandikodola.

"Bambo, chithunzi cha malemu chija mukanditsukitsire, ndikachipachike."

"Chabwino amayi, mawa lomwe."

"Chokhacho," anatero, n'kutseka windo.