Lachisanu la kumapeto a mwezi

Lero shopu inadzaza kuyambira m'mawa, si malipiro alowa. Cha m'ma 11 alamu ya pakhomo inalira, aliyense n'kutembenuka kuti aone wakubayo. Koma munthu wake sanali kutuluka ayi, anali akulowa kumene: agogo ena, kachikwama m'khwapa, nsapato zatsopano kuphazi.

"Ana inu, ndaba chiyani poti ndangofika?"

"Pepani agogo, musaope," anatero achimwene olondera pakhomo. M'chikwama munali kampango ndi ndalama basi. Ndinachoka pa till n'kuwapempha kuti avule nsapato imodzi. Nditatukula kansalu kopondapo, ndinapeza kalebulo koyera, kotupa pang'ono, kotalika ngati chala chaching'ono. Mafakitale ena amabisiratu timalebulo toliza alamu timeneti katundu asanafike m'shopu. Nsapatozo anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo zikuoneka kuti komwe anagulako sanakazimitse.

Anthu amaganiza kuti zipilala za pakhomozi zimaona. Sizitero, zimamvetsera. M'kalebulo muja muli timizere tachitsulo topyapyala, kena n'kamaginito, kena kanangoikidwa momasuka kuti kazitha kunjenjemera. Chipilala chimaponya mphamvu ya maginito yosinthasintha ka 58,000 pa sekondi imodzi, yomwe amisiri amati 58 kHz, kenako chimadukiza kaye. Kachitsulo komasuka kaja kamanjenjemera pa liwiro lomwelo ndipo sikasiya nthawi yomweyo, monga limachitira belu la kusukulu ukasiya kulimenya. Chipilala chikamva kunjenjemera kotsalirako, alamu basi. Kaya mwalipira, kaya mwaba, kaya munagula dziko lina, icho sichidziwa.

N'chifukwa chake pa till timadutsitsa katundu pamwamba pa kambale kena ka pakauntala. Kamafafaniza maginito a kamzere koyamba kaja, ndiye kachiwiri sikanjenjemeranso pa liwiro lomwe chipilala chikuyembekezera. Za m'mabuku a ku laibulale n'zosemphana: mzere wake umagwidwa pakhomo ukakhala wopanda maginito, ndipo pobwereketsa buku ndi pomwe amaupatsa maginito. Zija zikuluzikulu zolimba za pamalaya ndi nkhani ina, timachita kuzichotsa ndi maginito amphamvu omangiriridwa pakauntala.

Nsapato za agogo ndinazidutsitsa pakambale zonse ziwiri. Anayesa kutuluka, zii. Anabwereranso, zii. Anaseka mpaka kugwira phewa la mlonda uja, ati kuchokera pa Khirisimasi akhala akuimitsidwa m'mashopu a m'tauni muno, mpaka anayamba kuganiza kuti ndi nkhope yawo.

Chomwe chinandinyansa ine ndi mmene makasitomala anawayang'anira asanamve n'komwe nkhani. Mayi wina anafika pokokera chikwama chake pafupi.

Agogo anagula masokosi a adzukulu. Masana alamu inaliranso, koma uyu anali mnyamata wobisa jinzi m'jekete, ndipo anaitaya pakhomo pomwepo n'kuliyatsa liwiro.