Zikomo mlembi wathu, zikomo nonse munabwera

Abale ndangofika pakhomo, yunifomu sindinavule, pamkono pakadali kathonje ndi pulasitala koma ndati ndisagone ndisanalembe izi chifukwa mawa ndiyamba kuiwala ena. Tsiku lija lopereka magazi pasukulu, limene kalabu yathu takhala tikulinena chiyambire teremu yoyamba, latheka. Magazi aperekedwa, mipando tabweza m'makalasi, holo tasesa. Ambuye alemekezeke.

Ambiri mukudziwa mmene miyezi iwiri yapitayi yandiyendera nde sindibwereza zonse. Amayi ali m'wodi, ine pabenchi panja buku lili pamwendo koma osawerengeka, foni ikungolira za kalabu ine osayankha. Upampando wanga unangotsala dzina. Usiku wina ndinalemba meseji yotula pansi udindo ndikunenanso kuti za magazizo tingozisiya, ndinaitumiza kwa munthu m'modzi yekha kuti aione kaye ndisanaiponye pagulupu. Yankho lake linali lalifupi, "Usaitumize. Samala amayi, kunoku ndilipo."

Iwe mlembi wathu, dzina lako sinditchula poti umadana nazo zotchulidwa pagulu koma aliyense akukudziwa. Ukukumbukira pachisankho paja? Tonse tinkalimbirana upampando, ena ankafuna zofalitsa nkhani kuti azijambula zithunzi, ulembi aliyense ankaukana ati ndi ntchito yongokhala phee ndi cholembera. Unakweza mkono wekha kumbuyo kuja. Lero ndikuvomera pamaso pa onse kuti kalabu yonse inali mu kope lako lija, lachikuto cholimba chomatidwa ndi selotepi pamsana. Mulimonse muli deti, amene anabwera ku miting'i, amene anapepesa, chimene tinagwirizana, ndi dzina la amene analonjeza kuchita chinthucho ndi tsiku lake. Nthawi imene ine ndinasowa palibe amene akanati sitikudziwa tinalekezera pati, zonse zinali momwemo.

Kalata yopempha holo kwa a hedi unalemba ndiwe nkubwera nayo kuchipatala kuti ndingosayina, mvula ikugwa, utaikulunga mu pulasitiki mkati mwa juzi. Kalata yopita kwa a zamagazi ndiwenso. Mafomu a chilolezo cha makolo kwa amene zaka zawo zimafuna sayini ya kholo unawagawa kalasi ndi kalasi, nkumawalondola m'modzim'modzi, ena anataya kawiri iwe osatopa kuwapatsa ina. Ndipo usiku uliwonse unkanditumizira mawu pafoni osapitirira mphindi imodzi, zachitika ndi izi, zatsala ndi izi, kenako amayi agona bwanji. Funso lomalizalo sunaliphonyepo ngakhale tsiku limodzi.

Malamulo a kalabu amanena momveka kuti wapampando akasowa, wachiwiri wake ndi amene amagwira ntchito. Sindikufuna kuyambitsa nkhani usiku uno, kungoti zinandipweteka. Pali ena baji ya komiti anaivala chaka chonse, pa chithunzi cha lero aima kutsogolo, koma masabata onse aja ngakhale kameseji koti tamva za amayi kunalibe. Ndakhululuka, Mulungu akudziwa, koma ndikanama ndikati sindinaone.

Ndibwerere kwa amene anaima. Msungichuma wathu, zikomo aise, kandalama kalikonse kali ndi risiti yake mu envulopu, ndipo unakana kutulutsa ndalama za mapositala popanda sayini ziwiri ngakhale anthu ankakukalipira kuti ukuchedwetsa zinthu. Unachita bwino, lero palibe angatiloze chala. Wofalitsa nkhani ndi gulu lako munamata mapepala paliponse mpaka pachitseko cha laibulale. Ang'onoang'ono amene mwangoyamba kumene sekondale, zaka sizikukulolani kupereka magazi koma munanyamula mabenchi, kutunga madzi akumwa, kukhala pambali pa amene amaopa singano nkumawachezetsa, ndinakuonani. Aphunzitsi athu otiyang'anira, madamu, inu simunatilande ntchito ngakhale zinkaoneka kuti zikugwa, munkangofunsa kuti mwafika pati, mukufuna ndikulankhulireni kwa ndani. Ndipo munabwera kudzaona amayi Lamlungu lija. Ambuye akusungeni.

Tinasankha 14 June dala poti ndi tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse. Amene amayenera kufotokoza zimenezi pa asembule ndi ine, koma tsiku la asembulelo amayi amawaika magazi nde sindikanachoka. Unaima ndiwe mlembi, munthu woti ngakhale m'kalasi sukonda kuyankha, ndipo anzanga ananditumizira kavidiyo, pepala likunjenjemera m'manja koma mawu akutuluka bwinobwino. Unawauza kuti detilo ndi tsiku lobadwa la Karl Landsteiner amene anatulukira magulu a magazi a A, B ndi O mu 1901, kuti asanatulukire zimenezo kuika munthu magazi kunali kongoyesa mwayi chifukwa magulu akasemphana thupi limawakana. Unawauza kuti amangotenga pafupifupi 450 ml, kuti adye ndi kumwa madzi asanabwere, kuti singano ndi yatsopano kwa aliyense. Ine ndinkaonera kavidiyoko thumba la magazi lili lende pamwamba pa bedi la amayi, madontho akutsika m'kachubu pang'onopang'ono. Pathumbapo panali chilembo cha gulu ndi manambala basi, dzina la mwini wake palibe. Munthu amene sindidzamudziwa anagona pabedi kwinakwake nkutambasula mkono, lero amayi anga ali m'chipinda umu akupuma.

Nde lero nditagona pabedi lija mu holo, ndikufinya kampira m'manja, ndinalephera kudzigwira. Anesi ankaganiza kuti ndi singano ikundipweteka.

Chimene chandikhudza kwambiri nchakuti iweyo, amene unakonza zonsezi, sunaloledwe kupereka. Unakwera pasikelo, sinafike pamlingo wofunika, anakuuza kuti ulendo wina. Ndinaona nkhope yako inagwa, unapita panja kanthawi, kenako unabwerera patebulo lako pakhomo nkupitiriza kuchonga mayina ndi pensulo ngati palibe chachitika. Ndipo mnyamata uja atachita chizungulire podzuka msanga ndiwe unayamba kufika, kumugoneka, kumukweza miyendo pampando uku ukuitana anesi. Akulu amati mnzako akapsa ndevu mzimire, iwe unazima zanga usanadziwe nkomwe ngati ndidzatha kukubwezera. Sindikudziwa kuti ndikuthokoze bwanji mchemwali wanga. Mulungu amene amaona zam'seri akukumbukire pa mayeso akubwerawa, akupatse mutu wozizira, adalitsenso makolo amene anakulera chonchi.

Kwa nonse munatambasula mikono, ngakhale inu munabwezedwa chifukwa cha sikelo kapena magazi ochepa, zikomo, kubwera kokhako kunali kwakukulu. Makolo amene munasayina mafomu, zikomo potikhulupirira. Anesi atiuza kuti magazi ofiira sakhala mufiriji kupitirira masabata asanu ndi limodzi, kutanthauza kuti a lerowa pofika August adzakhala atatha, nde komiti imene ikubwerayo chonde musadikire chaka chathunthu kuti muitanenso.

Chisankho ndi Lachisanu likudzali tikaweruka, kalasi yomwe ija. Mafayilo, envulopu ya malisiti ndi kiyi wa kabati tidzapereka pomwepo. Amene mukuganiza zoima pa ulembi bwerani msanga mudzakhale naye pansi akuonetseni kope lija tsamba ndi tsamba, ine ndapempha kuti ndiliwerenge kaye lonse ndisanachoke chifukwa muli masabata asanu ndi atatu amene sindinawaone.

Amayi akundiitana, nthawi ya mankhwala yakwana. Anati ndikuuze mlembi kuti akufuna akuone ndi maso, ubwere Loweruka.