Zomwe ndinaphunzira pa mzere wa chipulula ku Ntcheu

Pa kosi yathu ya sayansi ya ndale tinapatsidwa ntchito yoti aliyense atsatire munthu mmodzi wofuna uphungu n'kulemba zomwe waona. Anzanga ambiri anadikira tsiku la chisankho chachikulu, la 16 Seputembala 2025. Ine ndinasankha chisankho cha chipulula, chomwe chipani chimasankhira munthu wochiimira, ndipo mayi wina wa cha ku Tsangano, amene ankafuna kuimira chipani chake, anandilola kuyenda nawo.

M'kalasi timathera nthawi yambiri pa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, kalembera wa ovota, ndi madera a aphungu 229 omwe analowa m'malo mwa 193 akale aja. Koma chipulula sichiyendetsedwa ndi MEC. Chipani chimadziikira malamulo ake, ndipo ovota si aliyense wa m'mudzi ayi, ndi nthumwi za makomiti a m'madera: akuluakulu, amayi ndi achinyamata. Choncho kampeni ya mayiwa sinali ya misonkhano ikuluikulu. Inali yolowa khomo ndi khomo, kukhala pamphasa, kupepesa maliro, kudikira tcheyamani abwere kuchokera kumunda wa kachewere.

Tsiku la chipululalo tinafika pabwalo la sukulu dzuwa lisanatenthe, kukuzizira monga kumachitira kumapiri kuja. Nthumwi zinkabwera pa lole, zina pa kabaza. Mayiwa anapatsa moni gulu lililonse atagwada, ndipo ine ndinkalemba zomwe anthu ankawapempha. Mlatho wokokoloka. Fetereza. Fizi ya mwana wa Fomu 3. Bambo wina ananena mosabisa kuti, "Mayi, ya sopo bwanji? Anzanu aja atiganizirako." Iwo anayankha mwaulemu kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kukopa ovota ndi ndalama kapena mphatso. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kuchoka. Palibe ngakhale mmodzi anafunsa za kupanga malamulo kapena kulondoloza ndalama za boma, zomwe mabuku athu amati ndiyo ntchito ya phungu. Sindikuwadzudzula. Munthu amene galimoto yokagula mbatata yake ikulephera kuwoloka mtsinje afunsa za mlatho basi.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi kavotedwe. Opikisana anaimikidwa kutsogolo atafulatira gulu, ndipo aliyense anauzidwa kukaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Mluzu usanalire, gogo wina anagwira dzanja la mayiwa n'kunong'ona kuti, "Mwana wanga, mtima wanga uli kwa iwe, koma atcheyamani akundiona. Mawa ndikadwala andinyamula ndani?" Anakaima pa mzere wina, maso ali pansi. Ndinaonanso atsikana awiri atafika pakati n'kuima kaye, akuyang'ana komwe apongozi awo alowera.

Mawu akuti voti yachinsinsi ndawalemba pa mayeso kambirimbiri, koma kulemera kwake ndinakumva pabwalo paja. Pa mzere umavota pamaso pa amfumu, pa amene anakubwereka thumba la chimanga, ndi pa amene wakulipirira lole yobwerera kwanu.

Nditabwerera ku sukulu ndinayang'ananso ziwerengero. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana mipando 52, mu 2019 anapambana 55 mwa 193. Ambiri mwa oterewa amakhala anthu omwe anagwa kapena kukhumudwa pa chipulula. Mu lipoti langa ndinalemba kuti chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mzere ndi bokosi la voti zimatha kupereka mayankho osiyana kuchokera kwa anthu omwewo.

Aphunzitsi anga sanagwirizane nane kwathunthu. Iwo akuti mzere ndi wotchipa, ndipo kubera n'kovuta poti aliyense amawerenga nawo mitu. Akutinso mkangano weniweni umakhala pa mndandanda wa nthumwi, pomwe makomiti ena amatulukira usiku umodzi. Mfundo ya mndandandayi ndi yoona, ndipo ndaiwonjezera m'mutu wachitatu. Koma pa za mtengo sindikusuntha: mapepala ndi katoni si zinthu zolepheretsa chipani chomwe chimagula zitenje mabelo.

Mayiwa sanapambane. Atatembenuka anaona nkhope za anthu omwe anadya nawo nsima dzulo lake zili pa mzere wa mnzawo. Anakamugwira chanza wopambanayo, kenako anandipempha kuti ndiwawerengere zopempha zonse zomwe ndinalemba m'kope, kuti akazipereke kwa khansala.