Mwana amene sanali m'kaundula wanga

Sabata yathayi yandisiya ndi mkwiyo umene sukuphwa. Anzanga a zaumoyo amene muli m'madera othithikana a m'mphepete mwa mzinda wa Lilongwe mundimvetsa msanga. Tataya mwana wa zaka ziwiri amene akanatha kupulumuka, ndipo ine ndikuloza chala kawerengedwe kathu ka anthu ndi mmene timasankhira madera oyenera kuthandizidwa mwapadera.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: sikelo ya pachipatala, katemera, kudzaza mabuku, masana kuyendera zitsime ndi kugawa klorini. Mvula yayamba, ndipo amene tinali pantchito mu 2022 ndi 2023 sitinaiwale kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili patsogolo pa chiwerengero cha odwala. Klorini amene anatipatsa anathera panjira, mabanja a kumunsi kwa dambo osafikiridwa, chonsecho ndiwo amamwa madzi a m'zitsime zosatetezedwa chifukwa ndalama ya pakiyosiki saipeza tsiku lililonse.

Lachitatu tinali ndi sikelo ya kumudzi, pakhonde la tchalitchi. Tikumanga katundu, kabokosi ka katemera tatseka kale, anafika agogo ena atabereka mwana, atamufunditsa chitenje mpaka kumutu ngakhale kunali dzuwa.

"Adokotala, tandionereniko mdzukulu wangayu. Sakudya, akungogona."

Nditavundukula chitenje mtima unagunda. Mapazi otupa, ndipo nditadina ndi chala panatsala dzenje. Tsitsi lapyapyala, lofiirira. Tepi yoyezera kukula kwa mkono inaima pofiira, pansi pa masentimita 11.5, chizindikiro cha kunyentchera koopsa. Ndinawerenga kupuma ndi wotchi ya pafoni n'kupeza 58 pa mphindi, kupuma kothamanga kosonyeza chibayo, nthiti zikulowa m'kati, thupi lili moto. Buku lake la kuchipatala linali lonyowapo ndi mvula, masamba atamatana, ndipo katemera womaliza analandira ali ndi masabata 14, ku Kasungu kumene banjali linkalima fodya. Wa chikuku sanabaye.

Ndinawafunsa kuti, "Agogo, bwanji simunabwere naye kuchipatala?"

"Tinabwera, bambo, sabata yatha. Anatilembera mankhwala oti tikagule. Ndalama inakwana ya panado basi."

Mayi a mwanayo amadzuka m'mbandakucha kukachapa zovala ku nyumba za mipanda tsidya la mtsinje, amabwerako kutada. Banjali lasamuka kawiri chaka chino chifukwa cha lendi. M'kaundula wanga munalibe dzina lawo, ndipo mavolontiya athu sankawadziwa.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Kuyambira 2008 boma linakhazikitsa makiliniki a m'midzi, kumene wazaumoyo amakhala ndi bokosi la mankhwala a ana osakwana zaka zisanu: zoyezera malungo, LA wa malungo, amoxicillin wa chibayo, Thanzi ORS ndi zinc za kutsegula m'mimba. Ndi ndondomeko yabwino zedi, yapulumutsa ana ambiri kumidzi, ndipo ndimainyadira. Mnzanga wa kumudzi wakutali akanakumana ndi mwana ameneyu, akanamupatsa mankhwala oyamba pomwepo asanamutumize. Ine ndinali ndi sikelo, tepi ndi cholembera. Bokosi amapatsa madera ovuta kufikako, ndipo kuvutako amakuyeza ndi makilomita, mitsinje ndi mapiri. Dera langa lili mumzinda, choncho papepala ndi lapafupi. Koma kwa gogo wopanda ndalama ya kabaza, wobereka mwana wodwala, msewu uli matope okhaokha, chipatala chimene n'chapafupi papepala chili kutali kwenikweni. Ndipo akafikako n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, kachiwiri sabwereranso.

Ndinaimba foni kupempha ambulansi. Yankho mukulidziwa kale: galimoto ilipo, mafuta palibe. Tinasonkherana ndi mavolontiya n'kupeza wa njinga yamoto, agogo pakati atafukata mwana, ine ndikutsatira pa ina. Pachipatala chathu a kiliniko anachita zonse zimene akanatha. Malungo anapezeka, anamubaya, mankhwala a chibayo anachita kubwereka ku mbali ya amayi oyembekezera. Makina a okosijeni anali chete chifukwa magetsi anali atathima. Galimoto yomutengera ku chipatala chachikulu inapezeka dzuwa litalowa, ndipo inali ya munthu wakufuna kwabwino wa m'deralo. Kumeneko anamulandira bwino, anamuika pa mpweya, koma anafika mochedwa. Anamwalira m'mamawa wa Lachisanu.

Lachinayi sindikukumbukirapo zambiri. Ndinali kulera, kubaya Depo, maganizo ali kwina.

Lachisanu lomwelo kunali msonkhano wounika ntchito. Pa chinsalu anaonetsa kuti dera lathu ladutsa 100 pa 100 pa katemera wa chikuku, anthu n'kuwomba m'manja. Ine manja anakana. Tonse tikudziwa kumene nambala yotere imachokera. Chiwerengero chimene amatipatsa amachitenga ku kalembera wa 2018 n'kuwonjezera pang'ono chaka ndi chaka, pamene kuno anthu akubwera mwezi uliwonse kuchokera kumidzi, nyumba za lendi zikumera paliponse pamene pali malo. Ukabaya ana ambiri kuposa chiwerengero chakale umaoneka katswiri, pamene ana enieni amene sanabaye ali mbwee kuseri kwa nyumba. Choipa kwambiri n'chakuti mapulani ndi katundu zimatsata chiwerengero chomwecho. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Bwana, mwana amene wamwalira lero m'mawa sali mu nambala imeneyo, ndipo alipo ambiri onga iye. Tipatseni mpata tiwerenge anthu khomo ndi khomo, ndipo dera lino liganiziridwe pa nkhani ya bokosi la mankhwala." Anandimvetsera mwaulemu, n'kuyankha kuti aziona pa bajeti ya chaka chamawa.

Sindikunena kuti Unduna wa Zaumoyo sudziwa za kusiyana kumeneku. Ndondomeko yaikulu ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 imanena momveka kuti thandizo lifike kwa aliyense mosayang'ana thumba lake. Zipatala za boma n'zaulere. Mgwirizano wa boma ndi zipatala za mipingo za CHAM, woti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe osalipira kumene kulibe chipatala cha boma, unabwera pofuna kutseka mpata womwewu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anaonetsa poyera kuti mwa ana 100 a m'mabanja osaukitsitsa, 46 anali opinimbira, pamene m'mabanja opeza bwino anali 24. Vuto ndi lakuti malipoti ambiri amangogawa pawiri, kumudzi ndi kutauni, ndipo tauni imaoneka yabwino nthawi zonse. Mtandire ndi Area 47 n'zoyandikana, munthu amayenda wapansi, koma mwana wobadwira uku ndi wobadwira uko sakhala moyo umodzi. Kuwaphatikiza m'nambala imodzi kuli ngati kuthira madzi a pampopi ndi a m'chithaphwi m'ndowa imodzi n'kunena kuti onse ndi akumwa. Ndondomeko imati wazaumoyo mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Ine ndikuyang'anira kangapo kuposa pamenepo, ndipo anthu anga sakhazikika.

Chimene chimandipweteka n'chakuti tinaonetsa kale kuti tingathe. Poliyo atapezeka mwa mwana wa kuno ku Lilongwe mu February 2022, tinalowa khomo lililonse, m'misika, m'madepoti, m'matchalitchi, mpaka zala za ana zonse zinali ndi inki. Mafuta anapezeka, mabokosi anapezeka, palibe amene anatiuza zodikira bajeti. Chibayo, malungo ndi kunyentchera zikupha ana mwakachetechete tsiku ndi tsiku, koma sizidzutsa aliyense m'maofesi. Chiyambire kuimitsidwa kwa thandizo la dziko la America mu January 2025, ngakhale maulendo ochepa a sikelo ya kumudzi amene tinali nawo akuyenda mokoka.

Loweruka ndinapita pamaliro. Atatha mwambo ndinakhala pansi ndi mfumu ya buloko ndi eni nyumba za lendi angapo, ndipo tagwirizana kuti aliyense wolowa m'nyumba ali ndi mwana wosakwana zaka zisanu kapena mayi woyembekezera, azitidziwitsa kudzera mwa mavolontiya sabata yomweyo. Kalata yopempha kuwerenga anthu ndi bokosi la mankhwala ndalemba, akulu a chipatala chathu asayina, ndipo ndikupempha anzanga a m'madera ngati lino mulembenso zanu kuti zikafike pamodzi. M'nyumba ya malemuyo muli mchemwali wake wa zaka zinayi, amene tepi yake yaima pachikasu, kusonyeza kuti wayamba kunyentchera, ndipo nayenso katemera sanamalize. Katemera ndimubaya Lolemba. Phala la ana otere linatha kalekale pachipatala chathu, ndiye ndikachoka kumeneko ndikayamba kufunsa zipatala zoyandikana nafe ngati pali chimene chingatigawireko.