Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Kupala Moto kwa Matenanti

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe bambo anagulitsa njinga yawo kuti tigule chimanga. Lero ndafika pa February wa 2002, mwezi womwe ife a ku Kasungu sitiuiwala. Pomwe a Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa mweziwo kuti dziko lili pa ngozi ya njala, kwathu ku Santhe maliro anali atayamba kale. Anthu ankadya gaga, ena mizu ya nthochi, ena ankathyola chimanga chosakhwima n'kuyanika kuti apeze chitibu.

Amayi anali a Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, sinodi ya Nkhoma. Lachinayi lililonse mayi aliyense ankabweretsa kambale ka ufa, n'kuugawira amasiye ndi odwala omwe maina awo analembedwa m'kope. Inali ntchito yabwino, ndipo inapulumutsa anthu. Koma kope limadziwa okhawo amene dzina lawo linatchulidwa ndi wina.

Kuseri kwa dambo lathu kunali esiteti ya fodya wa bale. Matenanti ake ambiri anali ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, opanda mbale, opanda munda wawowawo. Chakudya ankalandira kwa mwini esiteti mwa ngongole, yodzadula fodya akagulitsidwa. Chaka chimenecho phoso linayamba kudumphadumpha, kenako linasiyiratu, pomwe ntchito yothyola ndi kusoka fodya inali pachimake. Anthu amenewa sankapempha. Mukakumana nawo pachitsime, yankho linali lomwelo: "Tili bwino, kaya inu."

Madzulo ena amayi anandipatsa phale n'kuti, "Pita ukapale moto kwa amayi aja a pafupi ndi chigafa." Ndinadabwa, poti moto kwathu unali ukuyaka. Iwo anangoti, "Pita iwe. Ukayang'anenso pamafuwa."

Ndinapeza phulusa lozizira, nkhuku itafukulapo. Mphika unali wovundikira pansi, wouma. Ana awiri anagona pa chiguduli dzuwa lisanalowe, wamng'onoyo mapazi atatupa. Mayi wawo anandilandira ndi ulemu wonse, nati, "Pepa mwanawe, lero tachedwa kusonkha." Amayi anali ataona kuti kwa masiku angapo panyumbapo sipakufuka utsi, ndiponso kuti mtondo suli kumveka.

Usiku womwewo anathira ufa m'lichero, pamwamba n'kufunditsa nkhwani kuti odutsa aziyesa ndi ndiwo chabe. Ufawo unali wa mawa lathu, ndipo tonse tinkadziwa. Atafika sanafunse chilichonse. Anati, "Achemwali, ndabwera ndi timasamba. Mawa mudzandisenzetse mtsuko kuchitsime, msana wandivuta." Ndinamvetsa ndili wamkulu chifukwa chomwe anapemphera thandizo: ankafuna mayiyo alandire ngati mnzawo, mutu uli m'mwamba.

Ku Chigwirizano nkhaniyi inavuta. Ena ankati aja si a mpingo wathu, ali ndi bwana wawo, ufa ndi wochepa. Sindiwaweruza, nawonso ana awo ankagona ndi njala. Amayi, omwe sankakonda kulankhula pagulu, anaimirira n'kukumbutsa za Yakobo 2, kuti kuuza wanjala kuti apite mumtendere osam'patsa kanthu n'kopanda phindu. Kenako anafunsa ngati alipo amene anapondako kuseri kwa dambo chiyambire mvula. Panalibe. Tsiku lomwelo anagawana nyumba za matenanti, awiriawiri, ndipo m'kope muja munalowa maina achilendo.

Mwana wotupa mapazi uja anachira. Wa nyumba yoyandikana nayo tinamuika m'manda a m'mudzi mwathu, mfumu itapereka malo, azimayi a Chigwirizano ataphika ndi kugona pasiwa. Fodya atagulitsidwa, banja lija linauzidwa kuti ngongole yadya zonse, ndipo linafunika ndalama yobwerera kwawo. Za momwe bambo anayendera khomo ndi khomo kusonkhetsa ya basi, ndidzafotokoza m'gawo 7.