Sakhuta wandipalamulitsa mlandu wa ufiti

Abale inu timabuku tachizungu tandionetsa zakuda kuno ku Ulongwe wa ku Mozambique. Ine Chingelezi ndinachitola ku Dedza nthawi yothawa nkhondo ija, tinabwerera kuno 1994, ndiye mpaka lero ndikadutsa pa malire a Calomue kukagulitsa kachewere sindibwera opanda kabuku kakaunjika. Ulendo wina ndinapeza titatu tamtundu umodzi. Katauni kakang'ono aliyense amadziwana, m'mawa wina apeza munthu atafa, apolisi akungozungulira ngati asokonezedwa mutu, kenako mayi wina ophika makeke ndi amene atulukira chigawengacho mothandizidwa ndi mphaka wawo olankhula. Magazi simuwaona ayi, anthu amangomwa tiyi uku akufufuza, ndipo wakuphayo amakhala munthu waulemu uja simungamuganizire n'komwe. Zinandilowa m'mutu.

Ndiye mu Juni, kuzizira kwa ku Angonia mukukudziwa, tambala wanga wamkulu ndinampeza kuseri kwa khitchini miyendo m'mwamba, bala palibe. Mayi akunyumba akuti "bambo kamukwirireni uyu", ine ayi, apa pali dzanja la munthu. Ndipo mphaka ndili naye, wakuda bii, dzina lake Sakhuta.

Usiku anthu atagona ndinafunda bulangete mpaka kumutu, kumunyamula Sakhuta, kumununkhitsa nthenga za malemuwo n'kumunong'oneza kuti "mnzanga ndionetse wachita izi". Kungomuika pansi, eee, uyo wauyamba ulendo mchira m'mwamba ngati akudziwa kopita, ine pambuyo mtima thi thi thi, ndikuti buku silinama. Tinapyola mpanda mpaka pa khitchini ya mayi oyandikana nafe, mayi aulemu, a kwaya, sanayankhepo munthu mwano, ndendende mmene zimakhalira m'buku muja. Chomwe ndinaiwala n'choti mayiwa amagulitsa kapenta wa ku Cahora Bassa ndipo thumba lake limagona mommo.

Ndagwada pakhomo pa khitchini ndikufunsa mphaka "ndi amenewa eti? nena usaope", ndangomva chitseko kwee, mayi atuluka ndi tochi ya pafoni. Taganizani inuyo, 1 koloko usiku, munthu ofunda kumutu, nthenga m'manja, akucheza ndi mphaka wakuda. Kukuwa kwake! "Mfitiiii!" Agalu a bairro yonse, dera lathu lonselo, kudzuka, Sakhuta liwiro kapenta ali kukamwa osandicheukira n'komwe, ine bulangete kukodwa pampanda, silipasi imodzi kutsala pompo kudikira kukhala umboni.

Kutacha kwa a sekeletaliyo a bairro anthu thoo, ena sindinawaonepo chibadwire. Ine nzeru zanga ndinatenga bukulo kuti aone kuti ndi nthano chabe. Mxiii. Pachikuto mphaka wamaso obiriwira, kandulo, kabotolo kojambulidwa chigaza. Mkulu wina analitembenuza ndi kamtengo, osaligwira ndi manja, n'kufunsa "ndiye anzathu mumachita kuwerengera m'buku?" Ndikuti ndifotokoze kuti kwa azungu mphaka olankhula amathandiza anthu, agogo ena akuti "nanga wanuyu anayamba liti kulankhula, mwanawe?" Anandipulumutsa ndi mayi akunyumba, anaimirira n'kunena kuti amuna anga si mfiti ayi, ndi opepera chabe, ndipo gulu lonse linavomera msanga kwambiri moti mpaka lero zimandiwawa.

Chigamulo: nkhuku imodzi yopepesera ndi 200 meticais ya kapenta. Ndifike kunyumba kuti ndigwire nkhukuyo, ndapeza zinayi zagona, zotsalazo zikusinza makosi atapindika. Chitopa! Chigawenga chija chinali chitopa basi, ndipo katemera ndinachita kumuzengereza ndekha. Nkhuku ya mlandu ndinakagula kumsika, ogulitsa akundipatsa chenje ali patali.

Sakhuta pano anasamukira kwa mayi aja, wanenepa mpaka khosi kusowa, ndikamuitana amangondiyang'ana n'kupitiriza kunyambita dzanja. Silipasi ija sanandibwezere.