Mapuleti atsopano, koma kilatchi osamasula

Njinga yanga ndi ya injini ya mtundu wa CG 125, zija zotengera Honda yakale, ndipo ndimachita nayo kabaza pakati pa Limbe ndi Bangwe. Amene anakwerapo zitunda za ku Bangwe atanyamula munthu ndi thumba la chimanga akudziwa mmene kilatchi imazunzikira. Yanga inayamba kuterereka: ndikakoka moto injini imangokuwa, liwiro osaoneka. Ndiye ndinagula mapuleti asanu, ogwira aja okhala ndi timabala takhambi, n'kusintha ndekha Loweruka madzulo pakhonde, ndikupikisana ndi dzuwa.

M'mawa mwake ndinaliza injini, ndinafinya liva mpaka kugunda chigwiriro, n'kuponda giya wani. Khoo! Njinga inadumpha n'kuzima, pang'onong'ono kugwetsa ndowa ya mayi akunyumba. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Kufuna nyutulo injini ikulira, phazi linachita kuwawa. Dzulo kilatchi imakana kugwira, lero ikukana kusiya.

Choyamba chimene aliyense amathamangira ndi kebulo, ndipo sikulakwa, chifukwa mapuleti atsopano ndi okhuthala kuposa akutha, choncho muyeso wakale sugwiranso. Pa injini zimenezi nsonga ya liva iyenera kusewera mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kulimba. Yanga imasewera pafupifupi zala zitatu. Ndinabweza kosinthira ka kumtunda kuja mkati, n'kukakoka kebulo pa manati awiri a kumunsi pafupi ndi kamkono ka pa injini, kenako n'kumalizitsa kumtunda. Ndinayang'ananso ngati tizingwe ta kebulo tayamba kuduka, poti kebulo yoduka theka imatanuka m'malo mokoka. Inali bwinobwino. Zinasinthako pang'ono, koma njinga imakwawabe liva ili yofinya.

Apa m'pamene ndinatsala pang'ono kupusa. Ndinakoka kebulo mpaka liva inaleka kusewereratu, ndipo giya inalowa mofewerako. Mtima unati ndathana nazo. Koma kilatchi yopanda posewera imakhala ngati wina waifinya pang'ono tsiku lonse, mapuleti amapsa, mlungu usanathe wabwereranso kusitolo. Ndinabweza pa muyeso wake.

Chachiwiri ndinaganiza kuti mwina mapuleti angomatirirana. Injini ili yozima ndinaika giya thu, kufinya liva, n'kumakankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Ulendo wachinayi china chake chinati tha, njinga n'kuyamba kuyenda, koma molemera ngati ndikukoka ngolo yamchenga. Ndinaiimika pa sitandi yapakati n'kuisiya ilire mphindi khumi kuti oyilo atenthe. Pamenepa pamasokoneza ambiri: tayala lakumbuyo likamazungulira pang'onopang'ono liva ili yofinya si vuto, ndi oyilo chabe akukoka mapuleti, ndipo ukaligunditsa nsapato limaima. Langa limakankha nsapato. Ukaponda buleki injini imafuna kuzima. Basi, nkhani inali mkati.

Ndinaikankha mpaka kwa madala ena okonza njinga kumsika kwathu, chifukwa kabokosi ka mano anayi komasulira nati ya rota ya oyilo, kachitsulo kozungulira kosefa oyilo kamene kamatchinga kilatchi, ndilibe. Loweruka lija ndinachita kugogoda ndi tchizulo, zimene sindikulangiza munthu. Natiyo mpaka lero ili ndi zipsera.

"Mphwanga, mapuletiwo unawanyika?" anandifunsa asanaigwire n'komwe.

"Kuwanyika m'chiyani, madala?"

Anangopukusa mutu n'kundipatsa beseni.

Ndinakhetsa oyilo, kuchotsa kiki, kumasula mabawuti a kava ya kumanja, ndikuwabaya pakatoni monga mmene akhalira pa injini poti si ofanana kutalika. Kava itachoka, madala analoza kachitsulo kakang'ono kamene kamkono kaja kamakankha kuti kakagunde beringi ya pakati pa kilatchi. Kachitsuloka kamagwera m'beseni la oyilo munthu osaona, ndipo kakasowa liva imangoti lobodo, yopanda mphamvu. Kanga kanalipo, beringi nayo imazungulira bwino. Mabawuti anayi a masipuling'i anali omangika mofanana. Ndinachotsa rota, kenako kasekilipi, kamphete kotsekera kilatchi pa shafuti, n'kusolola mtolo wonse wa mapuleti. Kawochala kokhala pakati pa basiketi, chimbale chakunja chosunga mapuleti, ndi chapakati chimene mapuletiwo amavalapo kanali m'malo mwake. Kawerengedwe nakonso kanali kolondola: ogwira asanu, achitsulo anayi, kuyamba ndi logwira n'kumaliza ndi logwira.

Koma nditayesa kuwalekanitsa, awiri apakati anachita kufuna chikhadabo. Timabala tawo tinali touma gwa mbali ina, ngakhale injini inali italira. Kilatchi imeneyi imakhala m'oyilo, ndipo puleti latsopano limafuna kumwa kaye lisanapanikizidwe ndi masipuling'i usiku wonse. Ine ndinangowachotsa m'pepala n'kuwalowetsa.

Chachikulu chinali pa achitsulo aja. Sindinagule atsopano, ndinati chitsulo sichitha. Madala anatola limodzi, n'kulipukuta, n'kundionetsa mawanga abuluu ngati a poto wopserera. Anatulutsa chidutswa cha galasi la windo, kuligoneka pamenepo, n'kudina m'mphepete ndi chala. Puletilo linati kwe kwe, kugwedezeka ngati tebulo la mwendo waufupi. Malire a kupindika kwake ndi mamilimita 0.2. Poti filageji yawo, choyezera timipata, anabwereka wina osabweza, anaphatikiza malezala awiri, lililonse limakhala pafupifupi 0.1, ndipo analowa pansi pake popanda kukakamiza. Mwa anayiwo, awiri anali opindika. Kuterereka kwa miyezi ija kunawawotcha. Ndi mapuleti akutha aja malo analipo ambiri, kupindikako sikumamveka. Atsopano atadzaza malowo, kampata kakang'ono kamene liva imatsegula kamathera m'kupindikamo, mapuleti n'kumakhulanabe.

Ndisaiwale basiketi. M'zala zake, mmene makutu a mapuleti amayenda, munali timizere tokumbika, ukayendetsa chikhadabo chimakodwa ngati pa chipeso. Makutu a mapuleti atsopano amakodwa mmenemo osatha kutalikirana. Ndinapala ndi tupa yosalala, pang'onopang'ono, kungochotsa mapiri okha, chala chilichonse mofanana. Ukadya kwambiri kilatchi imayamba kugogoda, ndipo basiketi yokumbika kwambiri ndi yongosintha. Ndinatsuka bwinobwino kuti fumbi la chitsulo lisatsale.

Ndinatuma mnzanga wa pasiteji kuti akandigulire achitsulo anayi ndi gasiketi ku Limbe, poti yakale inang'ambika potsegula kachiwiri. Podikira, ogwira aja anagona m'mbale ya oyilo maola awiri. Oyilo wake ndi wa njinga yamoto, wolembedwa JASO MA pabotolo. Wa galimoto wina amakhala ndi zoterereketsa zimene kilatchi yam'oyilo sigwirizana nazo.

Pobwezera ndinaonetsetsa kuti mbali yakuthwa ya achitsulo onse yayang'ana kumodzi, ndiponso kuti mano a chapakati alowa mpaka pansi mtolo usanamangidwe. Mabawuti a masipuling'i ndinamanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono maulendo atatu, osati kumaliza limodzi kaye. Ndi ang'onoang'ono, ukawaonetsa mphamvu amaduka. Kachitsulo kaja ndinakapaka girisi kuti kasagwe potseka kava. Oyilo pafupifupi lita imodzi, kuyang'ana pa kamtengo koyezera, kenako kebulo pa mamilimita 15.

Nditaliza, ndinadikira itenthe, kufinya liva, kuponda wani. Inangoti tiki, njinga ili chiimire. Nyutulo inapezeka ndi chala chaphazi. Madala sanalandire ndalama, anangoti ndiwaperekeze kukatenga thumba la makala ku Namiyango, ndipo pobwera pachitunda paja anandimenya paphewa kuti ndichotse zala pa liva.